ULUSI WOSOKERA MABALA: WODWALA ANENE, NAMWINO AFUNSE

Munthu akadzitema ndi nkhwangwa kumunda, kapena ng'ombe ikamubaya ndi nyanga poimanga m'goli, kapenanso mai akang'ambika pobereka, kucipatala amamusoka. Anthu ambiri m'midzi ya dziko lino ali ndi zipsera za kusokedwa kotere, ndipo amakumbukira bwino singano yokhota ija pamodzi ndi ululu wace. Koma ndi owerengeka cabe amene anayamba afunsapo kuti ulusi umene unalowa m'thupi mwao unapangidwa ndi ciani. Pamene magazi ali kutuluka, funso lotere lioneka ngati la cibwana. Komabe kwa anthu ena yankho lace likhudza cikhulupiriro cao, ndipo kwa ena ocepa likhudza moyo wao weni-weni.

Cimene ambiri sacidziwa ndi cakuti ulusi wina wa m'zipatala umapangidwa ndi matumbo a nkhosa, mbuzi kapena ng'ombe, pamene wina umapangidwa m'mafakitale popanda kupha ciweto ciri conse. Popeza mitundu iwiri yonseyi ilipo, nkoyenera kuti wodwala amene nyama imamuwenga, kapena amene saikhudza kaamba ka cipembedzo kapena cikumbumtima cace, anene zimenezi asanagonekedwe pa tebulo. Nkoyeneranso kuti namwino ndi dokotala azifunsa okha, osayembekeza kuti munthu wogwidwa ndi mantha ndi ululu ndiye ayambitse nkhani. Funso limeneli silidya ngakhale ngwee imodzi, ndipo akulu akale ananena kale kuti safunsa anadya phula.

ULUSI WA MATUMBO

Kusoka mabala ndi luso lakale kwambiri. Anthu akale a ku Egypt ndi ku India anali kusoka ndi ulusi wa nsalu, tsitsi ndi nsinga za nyama. Kumadera ena a ku India ndi kum'mawa kwa Africa anali kugwira nyerere zikulu-zikulu zonga linthumbwi, kuzilumitsa m'mbali ziwiri za bala, ndi kudula matupi ace kuti mitu yokha itsale itapana balalo. Galen, sing'anga wa Cigiriki amene anagwira nchito mu mzinda wa Rome zaka zoposa 1,800 zapitazo, analemba za ulusi wa matumbo. Al-Zahrawi, dokotala wa Cisilamu wa ku Cordoba m'dziko la Spain, amene anamwalira ca m'ma 1013, anali kusoka nao m'kati mwa mimba, cifukwa thupi limausungunula lokha.

Ulusi umenewu pa Cingelezi amaucha catgut. Dzinali limasokoneza anthu odziwa Cingelezi, pakuti muli mau otanthauza mphaka. Koma mphaka alibe mlandu uli wonse pa nkhaniyi. Opanga ulusiwu amatenga matumbo aang'ono a nkhosa, mbuzi kapena ng'ombe kumalo ophera ziweto, amawang'amba m'litali kukhala timizere, ndi kupala mafuta ndi zofewa zonse. Kacikopa kolimba kamene katsala amakapota, kukaumitsa ndi kukasalaza, ndipo potsiriza amapha tizirombo tonse asanatsekere ulusiwo m'mapaketi. Masiku akale, anthu asanadziwe za tizirombo, ulusi wotere unali kulowetsa matenda m'mabala ambiri. Dokotala wa ku Britain, Joseph Lister, ndiye anayamba kuuviika m'mankhwala ophera tizirombo m'zaka za m'ma 1860, ndipo mu 1881 anaonetsa njira youlimbitsira ndi mcere wa chromium kuti usasungunuke msanga. Mtundu umenewo ndiwo uchedwa chromic catgut kufikira lero.

Ubwino wa catgut ndi wakuti sacita kucotsa. Mtundu wosalimbitsa umagwira bala kwa masiku 7 kufikira 10, ndipo umatha m'thupi patapita masiku ngati 70. Wolimbitsa uja umagwira kwa milungu iwiri kapena itatu, ndipo umatha patapita masiku ngati 90. Koma kuipa kwace kuli pomwepo pa kasungunukidwe kace. Thupi limauona ngati nyama yacilendo imene yalowa, ndipo limaugaya monga momwe limagayira cinthu ciri conse cacilendo. Cifukwa cace malo osokedwawo amatupa ndi kufiira koposa, ndipo ngati m'bala mwalowa mafinya, ulusi ungathe kufooka bala lisanagwirane.

Palinso ulusi wa silika, wakuda ndi wofewa, umene madokotala ambiri amaukonda cifukwa mfundo yace simasuka. Silika amacokera ku mbozi zimene zimaluka cikwa codzibisamo. Alimi a silika amaphika zikwazo m'madzi otentha mbozi ziri m'kati, ndi kusombola ulusi wace, ndipo ulusi wina wosokera anthu amaupaka phula la njuci kuti uzitereka. Silika sacokera ku nyama yoyamwitsa, koma ndi wa camoyo ndithu.

Mu 1986 ku Britain kunapezeka matenda a misala ya ng'ombe, amene amaononga ubongo, ndipo mu 1996 Boma la kumeneko linalengeza kuti matendawo angathe kulowanso mwa anthu. Cifukwa ca mantha amenewa, kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 catgut analeka kugwiritsiridwa nchito pa anthu m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi ku Japan. Maiko amenewo sanaleke kucita maopareshoni, ndipo amai ao sanaleke kubereka. Anatha kusiya catgut cifukwa ulusi wina wolowa m'malo mwace unalipo kale.

ULUSI WA M'FAKITALE

Nailoni anapangidwa koyamba ku America mu 1935, ndipo pasanapite zaka zambiri madokotala anayamba kusoka naye khungu. Ndi nailoni wa mtundu womwewo umene asodzi amaudziwa pa mbedza ndi pa maukonde. Mu 1969 kunabwera ulusi wochedwa Prolene, wopangidwa ndi pulasitiki wa polypropylene, wa banja limodzi ndi uja alukira masaka a feteleza ndi a ufa. Ulusi uwiriwu susungunuka. Ukasokedwa pa khungu amaucotsa bala likagwirana, pa nkhope patapita masiku ngati 5, ndipo kwina patapita masiku 7 kufikira 14. Pamene pafunika mphamvu zambiri, monga pa fupa la pacifuwa, madokotala amamanga ndi waya wacitsulo cosacita dzimbiri.

Nchito yobvuta inali kupanga ulusi wa m'fakitale umene ungasungunuke wokha monga catgut. Zimenezi zinatheka ca m'ma 1970 pamene kunatuluka ulusi wochedwa Dexon. Mu 1974 kunatsatira Vicryl, mu 1982 PDS, ndipo mu 1993 Monocryl. Ulusi wa mtundu umenewu thupi silicita kuugaya. Madzi a m'thupi ndiwo amaufewetsa pang'ono-pang'ono mpaka kutha, motero kutupa kumacepa ndipo dokotala amadziwiratu nthawi imene udzagwira. Vicryl amakhala ndi theka la mphamvu zace patapita milungu itatu, ndipo amatha pakati pa masiku 56 ndi 70. PDS amakhala miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, cifukwa cace ndiye amatsekera minofu ya pamimba imene imacedwa kugwirana.

Ubwino wa ulusi umenewu sukhudza anthu osadya nyama okha. Mu 2010 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa zopeza za madokotala a maiko ambiri, linaunika kafukufuku wokhudza amai oposa 10,000 amene anasokedwa njira ya mwana atabereka. Linapeza kuti amai osokedwa ndi ulusi wa m'fakitale anamva ululu wocepa m'masiku oyamba, anafuna mankhwala ocepa opha ululu, ndipo ocepa mwa iwo anafunika kusokedwa kaciwiri, poyerekeza ndi amene anasokedwa ndi catgut. Bvuto limodzi limene linaoneka ndi lakuti ena anafunika kucotsedwa timaulusi tosasungunuka msanga, ndipo bvutoli linacepa ndi mtundu wina wopangidwa kuti uzitha mofulumira. Mai wa kumudzi amene abwerera kukatunga madzi ndi kusinja patangopita masiku owerengeka atabereka adziwa yekha kuti ululu wocepa ndi cinthu ca mtengo wotani.

Pali cinthu cimodzi cofunika kucenjera naco. Ulusi wina wa m'fakitale ndi woluka ngati cingwe, ndipo amaupaka mankhwala oterera ochedwa calcium stearate kuti uzidutsa bwino m'mnofu. Mankhwala amenewa angapangidwe ndi mafuta a zomera, angapangidwenso ndi mafuta a ng'ombe, ndipo amene angathe kunena kumene anacokera ndi fakitale imene inapanga. Ulusi wa mtambo umodzi wosaluka, monga nailoni ndi polypropylene, kawiri-kawiri supakidwa zimenezi. Motero mau akuti ulusi ndi wa m'fakitale sali okwanira pa okha pamene wodwala ali wowengedwa kwambiri.

NKHUPAKUPA NDI NYAMA YOWENGA

M'midzi yambiri muli munthu amene amanena kuti nyama ya mbuzi kapena ya nkhumba imamuwenga. Ena amamuseka kuti ndi matama cabe. Koma madokotala tsopano adziwa cimodzi mwa zifukwa zace, ndipo anacipeza mwa njira yodabwitsa.

Mu 2004 ku America kunabvomerezedwa mankhwala atsopano a khansa ochedwa cetuximab. Posacedwa kunaoneka kuti odwala ena anali kubanika ndi kukomoka atangolandira mankhwalawo koyamba, ndipo ambiri a iwo anali a m'zigawo za kum'mwera cakum'mawa kwa dzikolo. Dokotala Thomas Platts-Mills ndi anzace a pa University of Virginia anafufuza, ndipo mu 2008 kunalengezedwa kuti m'mankhwalawo munali kashuga kena kochedwa alpha-gal, kamene matupi a odwalawo anali atadana nako kale. Mu 2009 anaonetsa kuti anthu a magazi otere amawengedwanso ndi nyama. Ku Australia, Dokotala Sheryl van Nunen wa ku Sydney anali ataona kale mu 2007 kuti odwala ace owengedwa ndi nyama anali anthu olumidwapo ndi nkhupakupa. Platts-Mills iye mwini analumidwa ndi nkhupakupa zambiri poyenda m'thengo, ndipo pambuyo pace nyama ya nkhosa inamuwenga.

Nkhani yace imayenda motere. Kashuga ka alpha-gal kamapezeka m'thupi la nyama zoyamwitsa pafupi-fupi zonse: ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba, akalulu, insa, ngakhale mbewa zimene anyamata amakumba m'cirimwe. Anthu alibe kashugaka, ndipo anyani ndi apusi a mu Africa alibenso. Nkhuku, nkhanga, mazira ndi nsomba mulibe. Munthu angadye nyama zaka zambiri osabvutika. Koma nkhupakupa ya mitundu ina ikamuluma, imalowetsa kashugaka pa khungu pamodzi ndi malobvu ace, ndipo citetezo ca m'thupi cimayamba kukaona ngati mdani. Kucokera pamenepo, akadya nyama thupi limaukira. Amatuluka ziwengo zoyabwa, milomo ndi zikope zimatupa, m'mimba mumapota, amasanza kapena kutsegula, ndipo ena pakhosi pamatseka mpaka kukomoka.

Cosokoneza pa matendawa ndi cakuti zizindikiro siziyamba nthawi yomweyo. Zimabwera patapita maola awiri kufikira asanu ndi limodzi. Munthu angadye mbuzi pa ukwati madzulo, nkupita kukagona ali bwino-bwino, ndi kudzidzimuka pakati pa usiku thupi lonse liri ndi ziwengo, mpweya uli kubvuta. Kutaca, acibale sadzaganiza za nkhupakupa imene inamuluma mwezi wathawo pobusa ng'ombe. Adzayamba kufunsana kuti mbale anapereka ndani, ndipo dzina la munthu wosalakwa lidzachulidwa pa mlandu wa ufiti kapena wa ciphe. Kudziwa matendawa kungapulumutse wodwala, kungapulumutsenso ubale pa mudzi.

Mu 2023 bungwe la Boma la America loyang'anira matenda, la CDC, linalengeza kuti pakati pa 2010 ndi 2022 kunapezeka anthu oposa 110,000 oganiziridwa kuti ali ndi matendawa, ndi kuti ciwerengero ceni-ceni cingafike pa 450,000. Koma si matenda a Azungu okha. Mu 2018 madokotala a pa University of Cape Town anafalitsa zimene anapeza m'midzi ya ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, kumene anthu ambiri, ana ndi akulu omwe, anatsimikizidwa kuti nyama imawawenga mwa njira yomweyi, ndipo ambiri anali kudandaula za kupweteka kwa m'mimba. Amenewo ndi anthu a kumudzi oweta ziweto, monga alimi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, amene nkhupakupa amazidziwa bwino kaamba ka cigodola cimene cimapha ana a ng'ombe ao. Cimene cinapezeka pakati pa oweta ng'ombe a kumeneko ciyenera kutsegula maso a oweta ng'ombe a kuno.

Apa ndi pamene nkhani ya nkhupakupa ikumana ndi nkhani ya ulusi. Catgut ndi mnofu wa nyama yoyamwitsa umene umasiyidwa m'thupi kwa milungu yambiri, motero madokotala odziwa matendawa amalangiza kuti upewedwe pa odwala otere. Pali zinanso za m'cipatala zocokera ku ziweto. Heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amacokera ku matumbo a nkhumba. Gelatin, wa zikopa ndi mafupa a ng'ombe kapena nkhumba, amapezeka m'zikhokho za makapusozi ambiri ndi m'madzi ena oika m'mitsempha munthu akataya magazi. Zitseko zina za mtima zimene amaika pa opareshoni ndi za nkhumba kapena ng'ombe, ndipo mankhwala a ululu wa njoka amapangidwa ndi magazi a akavalo kapena nkhosa. Si wodwala ali yense amene amawengedwa ndi zonsezi, ndipo ambiri amalandira zina mwa izo popanda bvuto. Koma cinthu colowa m'mitsempha cingathe kuukitsa thupi m'mphindi zowerengeka, ndipo dokotala wodziwitsidwa amasankha cina, kapena amakonzeratu jakisoni wa adrenaline pafupi ndi dzanja lace.

AMENE SAKHUDZA NYAMA MWA KUFUNA KWAO

Gulu lina ndi la anthu amene thupi lao silibvutika ndi nyama, koma mtima wao ndiwo umakana. Mu 1944 ku England, Donald Watson ndi anzace anayambitsa bungwe la Vegan Society, ndipo anthu otsata njira yao amachedwa vegan. Iwo sadya nyama, nsomba, mazira, mkaka kapena uci, ndipo sabvala zikopa kapena silika, cifukwa amakhulupirira kuti munthu sayenera kudyera masuku pamutu zamoyo zinzace. Kwa munthu wotere, catgut ndi silika ndi zinthu zimene sangafune kuti zisokedwe m'thupi mwace iye ali mtulo, pamene nailoni ali pa shelefu yomweyo.

Mlimi amene amalawa nyama pa Khrisimasi ndi pa maliro okha angathe kuseka pomva za anthu okana nyama mwadala. Koma kusala zakudya zina si cinthu cacilendo m'dziko lino. Asilamu, amene misikiti yao ioneka ku Chipata ndi m'matauni ena, sadya nkhumba. Akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist sadyanso nkhumba, ndipo ena a iwo sadya nyama iri yonse. Ahindu amalemekeza ng'ombe. M'midzi muli anthu osala nyama yakuti-yakuti kaamba ka mwambo wa mtundu wao. Pa ukwati ndi pa maliro, mai wophika wanzeru amadziwa anthu amenewa ndipo amawapatulira ndiwo zao popanda kuwanyoza. Ulemu umene upezeka pa mafuwa suyenera kusowa m'cipinda ca opareshoni.

Thupi ndi la mwini wace, ndipo dokotala amaligwira mwa cilolezo. Mu 2015 khoti lalikulu la ku Britain, pa mlandu wochedwa Montgomery, linagamula kuti dokotala ayenera kuuza wodwala zoopsya zimene wodwalayo angazione kukhala zofunika, pamodzi ndi njira zina zimene zilipo, osati zokhazo zimene dokotala aganiza kuti ndi zofunika. Lamulo limenelo ndi la dziko lina, koma nzeru yace ndi ya anthu onse. Munthu amene adzamva pambuyo pace kuti anasokedwa ndi cinthu cimene cikhulupiriro cace cimakana, popanda kufunsidwa, sadzabweranso kucipatala ndi mtima woyera, ndipo adzauza ena. Cipatala cimene anthu sacikhulupirira cimakhala ndi mabedi opanda anthu pamene odwala ali kufera kunyumba.

MAU A OTSUTSA

Alipo amene adzanena kuti zonsezi ndi nkhani za anthu okhuta. Adzati kiliniki ya kumudzi imayamika ikakhala ndi ulusi wa mtundu uli wonse, kuti catgut ndi wochipa kuposa ulusi wosungunuka wa m'fakitale, ndi kuti ndalama za Boma ziyenera kuyamba zagula mankhwala a malungo. Mau amenewa ali ndi coonadi cace, ndipo sayenera kukankhidwira pambali. Catgut si ciphe. Wapulumutsa amai ndi obvulala osawerengeka m'maiko osauka. Mu 2013 kunafalitsidwa zotsatira za kafukufuku wamkulu wochedwa CORONIS, wokhudza amai oposa 15,000 obereka mwa opareshoni m'maiko asanu ndi awiri, kuphatikizapo Ghana, Kenya ndi Sudan. Pa kusoka cibaliro, sipanaoneke kusiyana kweni-kweni pa imfa kapena matenda aakulu pakati pa chromic catgut ndi ulusi wa m'fakitale. Mai wosawengedwa ndi nyama amene asokedwa ndi catgut alibe cifukwa cogonera ndi nkhawa.

Koma otsutsawo aiwala zinthu ziwiri. Coyamba, palibe amene apempha kuti catgut yense atayidwe kudzala mawa. Copempha ndi cakuti cipatala ciri conse cikhale ndi mapaketi ena a ulusi wopanda nyama, osungidwira anthu amene aufuna, ndi kuti anthuwo adziwike. Anthu otere ndi ocepa, motero mtengo wace ndi wocepa. Nailoni wosokera khungu si wodula, kotero kuti madokotala ena m'zipatala zosauka za mu Africa anafika posoka ndi nailoni wa asodzi ataphedwa tizirombo m'makina a cipatala. Caciwiri, mtengo wa paketi la ulusi uyenera kuyerekezedwa ndi mtengo wa bala lomasuka, wa ulendo waciwiri pa ngolo kapena pa njinga, ndi wa munthu wobanika pa tebulo usiku pamene galimoto ya odwala iri kutali. Cochipa pogula nthawi zina cimadula polipira.

MOYO UYAMBE

Pali cenjezo limene liyenera kumveka bwino lomwe, kuopa kuti nkhani ino ingapotozedwe pa bwalo la mowa. Munthu ali yense asakane kusokedwa, kapena kulandira mankhwala opulumutsa moyo, cifukwa ca zimene zalembedwa pano. Mai amene ali kutaya magazi atabereka asokedwe ndi ulusi umene ulipo. Munthu wolumidwa ndi mamba kapena mphiri alandire mankhwala a njoka, ngakhale kuti ndi a magazi a kavalo. Ngati nyama imamuwenga, anene cabe kuti anamwino akhale okonzeka. Ngakhale bungwe la Vegan Society limaphunzitsa kuti munthu apewe za nyama pamene kuli kotheka, ndipo sililangiza anthu ace kusiya mankhwala amene dokotala wawapatsa. Akatswiri a cipembedzo ca Cisilamu amene anakumana ku Kuwait mu 1995 anagwirizana kuti gelatin wa m'mankhwala ndi wololedwa, popeza wasandulika kukhala cinthu cina. Ndiponso munthu asayese kudzisoka kunyumba ndi ulusi wa mbedza kapena wa telala, pakuti ulusi wosaphedwa tizirombo ndiwo khomo la kafumbata ndi mafinya.

ZOYENERA KUCITA

Nchito yoyamba ndi ya wodwala ndi acibale ace. Munthu amene anatulukapo ziwengo, kutupa milomo, kubanika kapena kupotedwa m'mimba usiku atadya nyama, makamaka ngati zinacitika kangapo, auze a zaumoyo nthawi ya mtendere, asanadwale, ndipo apemphe kuti zilembedwe m'buku lace la kucipatala. Mai wapakati anene pa ulendo woyamba wa kusikelo, kuti azamba alembe pa kadi. Mkazi adziwe za mwamuna wace ndipo mwamuna adziwe za mkazi wace, cifukwa munthu wokomoka salankhula. Kupima magazi kotsimikizira matendawa kumafuna laboretale yaikulu, motero kumudzi cida cacikulu ca dokotala ndi mbiri imene wodwala afotokoza ndi pakamwa pace.

Nchito yaciwiri ndi ya anamwino, azamba ndi madokotala. Iwo amafunsa kale ngati pali mankhwala amene amawenga wodwala. Pa funso limenelo aonjezerepo mau ocepa: ngati pali nyama imene imamuwenga, ndi ngati pali ca nyama cimene safuna m'thupi mwace. Sukulu zophunzitsa anamwino, monga za ku Chipata, Katete ndi Mwami, ziphunzitse ophunzira ao kuwerenga paketi la ulusi ndi kudziwa cimene ciri m'kati, pamodzi ndi zizindikiro za matenda a alpha-gal.

Nchito yacitatu ndi ya Unduna wa za Umoyo ndi bungwe la ZAMMSA, limene limagula ndi kugawa mankhwala ndi zipangizo za zipatala za Boma. Poitanitsa ulusi, afunse opanga kuti alembe poyera ngati muli kanthu kocokera ku nyama, kuphatikizapo mankhwala opaka kunja kwace, ndipo aonetsetse kuti ulusi wopanda nyama ufike ngakhale ku kiliniki ya kumalire.

Nchito yacinai ndi ya mudzi wonse. Ng'ombe zizipita kudibi monga alangizi a ziweto anenera, udzu wozungulira nyumba uzichechedwa, ndipo abusa ndi ana azidziyang'ana m'khwapa, m'mutu ndi m'mphechepeche akacoka kuthengo. Nkhupakupa ikapezeka icotsedwe msanga, yonse ndi mutu womwe. Kwa munthu amene matendawa anamugwira kale, kulumidwanso kumaakulitsa, pamene kupewa nkhupakupa kwa nthawi yaitali kumaacepetsa mwa anthu ena. Mafumu, nyakwawa ndi makomiti a za umoyo achule nkhaniyi pa misonkhano yao, kuti munthu wotupa usiku atengeredwe kucipatala, osati kwa woombeza.

Ulusi ndi kanthu kakang'ono, kamene munthu angakaphonye ndi maso katagwa pansi. Koma umakhala m'thupi mwa munthu masiku ambiri kuposa amene iye akhala m'cipatala, ndipo mwini thupi ayenera kudziwa cimene wanyamula. Namwino asaone funso la wodwala ngati mwano, ndipo wodwala asaope yunifomu yoyera, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.